Gwape Woyamba wa Aida Kalumbu

Aida Kalumbu anafika ku Bolton m'chaka cha 2005, atagwirapo kale unamwino kwawo ku Ntcheu. Poyamba ankagwira m'wodi ya okalamba, koma mwana wake Tiya atayamba sukulu anasinthira ku ntchito yoyendera odwala m'makomo mwawo: kutsuka zilonda, kubaya jakisoni, kuyeza shuga. Dera lake linkayambira m'nyumba zogundana za m'tauni n'kukathera kumapiri a kumpoto, kumene kuli mafamu a nkhosa ndi mipanda ya miyala. Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Kutchalitchi ankamudziwa ndi mawu ake a alito mu kwaya, ndipo mwamuna wake Elton, amene ankakwera sitima tsiku ndi tsiku kupita ku ntchito ya makompyuta ku Manchester, ankakonda kuseka kuti mkazi wake ngakhale nkhuku ankadikira kuti wina amuphere.

M'mawa wina wozizira wa mu Novembala 2013, Aida akupita kwa wodwala wa kumafamu, anapeza gwape atagona m'mbali mwa msewu. Galimoto ina inali itamugunda n'kupitirira. Anali wa mtundu waung'ono umene Angerezi amautcha roe, msinkhu ngati mbuzi yaikulu. Miyendo yakumbuyo inali itathyoka, ndipo ankadzikwakwaza ndi yakutsogolo, maso ali tong'o. Aida anaimika galimoto, natsika ndi chikwama chake cha mabandeji, koma atayandikira nyamayo inayamba kuphupha ndi mantha. Anabwerera m'mbuyo. Zaka zonse za unamwino anali asanaimepo chonchi, manja ali lende, pamaso pa cholengedwa chimene chikumva ululu. Anaimbira apolisi, ndipo iwo anati atumiza munthu.

Amene anabwera anali mzimayi wachizungu wa imvi, wovala jekete yobiriwira yong'ambika m'chigongono. Anati dzina lake ndi Lizzie. Anapempha Aida kuti aime kuseri kwa galimoto, anayang'ana msewu mbali zonse, anatulutsa mfuti m'chikwama chake chachitali, ndipo kulira kumodzi kokha gwape uja anangoti zii. Kenaka Lizzie anagwada, nasisita khosi la nyamayo kanthawi.

Aida anamufunsa ngati ntchito yake inali imeneyi. Lizzie anayankha kuti ntchito yake yeniyeni inali kuchepetsa agwape m'nkhalango za alimi, chifukwa ku England kulibe mikango kapena afisi, ndiye agwape amaswana mpaka kudya mitengo yonse yaing'ono, kenaka n'kumathera m'misewu chonchi. Asanasiyane anapatsana manambala a foni. Aida sanadziwe chimene anapemphera nambalayo, koma sabata isanathe anaimba.

Miyezi yozizira yonseyo, akakhala pa ofu, ankatsagana ndi Lizzie m'nkhalango wopanda mfuti. Anaphunzira kuyenda pang'onopang'ono, kuponda ndi m'mbali mwa phazi, kumva mbali imene mphepo ikuchokera ndi tsaya lake. Anaphunzira kusiyanitsa gwape wamkazi ndi wamphongo ngakhale pa nyengo imene wamphongo wagwetsa nyanga, ndiponso miyezi imene lamulo limalola kusaka aliyense. Tsiku loyamba kumva gwape akuuwa ngati galu anadzidzimuka, Lizzie n'kumuuza monong'ona kuti ameneyo wawanunkhiza, ulendo wa tsikulo watha. Chimene chinamukoka kwambiri chinali bata. Sabata yonse ankakhala m'zipinda zotentha zonunkha mankhwala, foni ikungolira. Kunkhalango kunalibe womuitana.

Atauza Elton kuti akufuna kuphunzira kuwombera, mwamunayo anayamba waseka, kenaka ataona kuti nkhani ndi yeniyeni anazimitsa wailesi ya kanema.

"Amake Tiya, kuno si kwathu," anatero. "Munthu wakuda kuyenda ndi mfuti m'galimoto, apolisi atakuimitsani mukuganiza kuti zidzatha bwanji? Ndipo ntchito yanu?"

Aida anayankha kuti nayenso anaziganizira zimenezo, n'chifukwa chake sankafuna kudumpha kalikonse. Adzalowa kalabu yowombera, adzalemba mayeso a alenje, ndipo apolisi omwewo ndi amene adzamupatse chilolezo. Akadzamukaniza, nkhani idzathera pomwepo. Elton sanavomere ndipo sanakanenso. Anangoti aone.

Kukalabu zinthu sizinayambe bwino. Bambo wina wachifundo anamubwereka mfuti yake ya .308, imene alenje ambiri kumeneko ankaitama kuti imagwetsa chilichonse. Aida atawombera, mfutiyo inamukankha paphewa ngati wamenyedwa ndi musi. Madzulo ake phewa linali litada bii, ndipo m'mawa mwake ankavutika kunyamula chikwama cha ntchito. Anapirira milungu ingapo, koma thupi linali litaphunzira kale mantha. Chala chikangoyamba kukoka, maso ankatsinzina okha, phewa n'kudzikoka, chipolopolo n'kupita kumene chafuna. Pa mayeso anakhoza zonse za pepala, za malamulo ndi za matenda a nyama, koma pa kuwombera analephera. Anabwerera kunyumba, nakhala m'galimoto panja kwa nthawi ndithu asanalowe. Elton anamuona pawindo, ndipo Aida atalowa anangomuikira tiyi.

Lizzie atamva, anamuitanira kwake Loweruka. Anatulutsa mfuti yakale ya thunthu la mtengo, yopalikapalika, imene anati ndi imene iye anayambira. Kenaka anamuika chipolopolo m'dzanja. Chinali chaching'ono, chosongoka, mutu wake wosaposa kunenepa kwa pensulo. Anati chimenecho ndi .243, chipolopolo chakalekale, ndipo chili m'gulu la zazing'ono kwambiri zimene lamulo la ku England limalola pa agwape a roe. Anthu ena amachinyoza kuti n'cha ana ndi azimayi, koma iye anali atadyetsa nacho banja zaka zambiri.

"Gwape sadziwa kukula kwa chipolopolo," anatero Lizzie. "Amangodziwa pamene chalowa. Ichi sichikhululuka ukaphonya malo, koma sichikupweteka, ndiye ulibe chifukwa chophonyera."

Aida anagona chafufumimba kumbuyo kwa mfutiyo akuyembekezera kumenyedwa. Itaphulika anadabwa. Inangomugwedeza pang'ono ngati munthu wokudzutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona ndi diso lake, kudzera m'galasi la pamfuti, kabowo kakutuluka papepala. Komabe mantha sanathe tsiku limenelo. Lizzie ankamuikira mfuti nthawi zina ili ndi chipolopolo, nthawi zina ilibe, osamuuza, kuti aone yekha mmene ankatsinzinira. Zinatenga chilimwe chonse. Pobwereza mayeso, zipolopolo zake zinagwera pamodzi malo oti n'kuphimba ndi chivindikiro cha botolo la jamu, ndipo woyesayo anamugwira chanza.

Wapolisi woona za mfuti anabwera kunyumba, nacheza ndi Aida, nachezanso ndi Elton payekha. Atamufunsa ngati ali ndi nkhawa, Elton ananena zoona kuti nkhawa anali nayo, koma osati ndi mkazi wake. Kabati yachitsulo yosungiramo mfuti anaikhoma kukhoma ndi Elton mwini, akudandaula kuti njerwa za nyumba zakale za ku Bolton zimathyola zoboolera. Chilolezo chitatuluka, Lizzie anamugulitsa mfuti yakale ija.

Malo amene Lizzie ankasaka kwambiri anali famu ya a Thompson, mkulu woweta nkhosa amene anadzala mitengo ya oki ndi ina yachilengedwe m'chigwa cha kuseri kwa nyumba yawo, kuti adzasiyire adzukulu nkhalango. Gwape wina wamphongo anali atasandutsa chigwacho kwawo. Ankapala makungwa a mitengo yanthete ndi nyanga zake mpaka kuisiya yoyera, ndipo yambiri inkauma. A Thompson atamuona Aida koyamba anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, nayang'ananso mfutiyo, n'kufunsa Lizzie ngati ka mfuti kameneko kangathe ntchito. Sananene mwachipongwe, koma Aida anamva kuti funsolo silinali la mfuti yokha.

Gwapeyo anali wochenjera. Kuyambira mu Epulo 2016, nyengo ya amphongo itatsegulidwa, Aida ndi Lizzie anamulondola kambirimbiri. Tsiku lina mphepo inatembenuka, iye n'kuuwa ali m'tchire osaoneka. Tsiku lina nkhosa zinadzidzimuka n'kumuthamangitsa. Ndipo m'mawa wina wa mu Meyi anatulukira poyera, ataima chopingasa, pafupi zedi. Aida anaika mfuti pandodo zake zotsamiritsira, mtanda wolozera wa m'galasi la mfuti unakhazikika kuseri kwa phewa la nyamayo. Koma gwapeyo anali pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, ndipo kutsidya kwa chitundacho kunkadutsa kanjira ka anthu oyenda ndi agalu. Chipolopolo chikanapyoza n'kupitirira kosadziwika. Aida anachotsa chala. Anamuyang'ana gwapeyo akudya, akudzikanda khutu ndi mwendo, mpaka anatsikira kutsidya.

A Thompson anali ataonera zonse ali pa thirakitala. Anabwera nkhope ili gwaa, nati mitengo yawo ikutha anthu akungoyang'anitsitsa nyama. Aida anafotokoza za kanjira kaja. Mkuluyo anati nthawi imeneyo sikudutsa munthu. Aida anayankha mofatsa kuti mwina ndi zoona, koma iye sanathe kuona kutsidyako, ndipo sawombera kumene sakuona. A Thompson anangopukusa mutu n'kubwerera ku thirakitala. Pobwerera kunyumba mtima wa Aida unali wolemera, poganiza kuti mwina malowo awataya, ndipo wamutayitsanso mnzake.

Mu Juni Lizzie anachitidwa opaleshoni ya bondo. Aida atapita kukamuzonda, Lizzie anamuuza kuti a Thompson aimba foni kudandaula kuti gwape uja wapalanso mzere wina wa mitengo, ndipo akuganiza zoitana mlenje wina. Anati iye wawapempha kuti adikire kaye, Aida apite yekha. Aida anati sanapitepo yekha. Lizzie anati akudziwa.

Aida anapita Lachisanu, tsiku la ofu. Mwezi wa Juni kumeneko kumacha msanga kwambiri, moti pamene ankaimika galimoto pageti la famu kunja kunali kutayera kale ndipo mbalame zinali pakati pa phokoso. Anathothola udzu nauponya m'mwamba. Mphepo inkatsika ndi chigwa, choncho anazungulira kutali, kutsata mpanda wa miyala, kuti akalowere kumunsi n'kumakwera mphepo ikumuomba kumaso. Mame ananyowetsa buluku lake mpaka m'maondo. Ankayenda pang'ono, n'kuima, n'kufufuza tchire lililonse ndi magalasi oonera patali, monga anaphunzitsidwira.

Dzuwa litangogunda mbali imodzi ya chigwa, anaona kamtengo kena kakugwedezeka pamene ina yonse inali chilili. Anayang'anitsitsa. Pansi pake panali msana wofiirira, kenaka mutu unadzuka, nyanga zili ndi timakungwa. Anali yemwe uja, koma anali patali ndipo udzu unkamubisa theka la thupi. Aida anagwada, nakoleka mfuti kumsana, nayamba kukwawa m'ngalande ya madzi imene inkalowera komweko. Matope ankalowa m'manja mwa jekete, lunguzi wa kumeneko ankamuotcha m'zikhato, tizilombo touluka toluma tinamuunjirira kumaso, ndipo sakanatha kutiingitsa. Gwape akadzutsa mutu, iye ankauma pomwepo. Akaweramanso, iye n'kusuntha.

Anafika pa chitsa china chimene chinali pamtunda pang'ono. Kuchokera apo mpaka pa gwape panali ngati kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo kumbuyo kwa nyamayo kunali khoma la chigwa, dothi lokhalokha. Anatsamiritsa mfuti pachitsapo. Mtima unkagunda mpaka mtanda wa m'galasi unkavina. Anachotsa diso, napuma mozama monga amauzira odwala ake asanawabaye, nabwezeranso. Gwape anali atamufulatira. Anadikira. Mwendo unayamba dzanzi, koma anadikirabe, mpaka nyamayo inatembenuka n'kuima chopingasa, mwendo wakutsogolo utatsogola pang'ono. Aida anakoka pang'onopang'ono, maso ali otsegula.

Anaona gwape akudumpha m'mwamba, n'kuthamangira m'tchire lowirira la m'mbali mwa mtsinje, n'kuzimirira. Chigwa chonse chinangoti zii.

Apa ndi pamene mantha enieni anamugwira. Ankadziwa kuti nyama yolasidwa pamtima imathamanga kaye, koma kudziwa ndi kwina, kuona tchire lopanda kanthu ndi kwina. Bwanji ngati chipolopolo chaching'onocho chinalowa m'mimba, nyamayo n'kukavutika kwinakwake masiku? Miyendo inkafuna kuthamangira komweko. Anadzikakamiza kukhala pachitsapo, mfuti ili yokonzeka, maso ali pa tchire lija, mpaka kupuma kwake kunabwerera m'malo. Kenaka anapita pa kamtengo kaja. Pansi panali ubweya wochepa ndi magazi ofiira owala. Anawatsata pamasamba, dontho ndi dontho, nalowa m'tchire lomufika m'chifuwa. Sanapite patali. Gwape anali atagona chammbali pafupi ndi madzi, atafa kale, kabala kakang'ono kali kuseri kwa phewa, pamalo enieni pamene anaika mtanda.

Aida anatulutsa zipolopolo m'mfuti, nakhala pansi pamatope. Anapemphera pang'ono m'Chichewa, kuthokoza, kenaka anazindikira kuti akuseka yekha misozi ikutsika. Atakhazikika anavala magolovesi, natumbula nyamayo bwinobwino, nayang'ana chiwindi ndi mapapo ngati zinali zabwino. Zonse zinali zoyera. Anamanga miyendo, naiika m'thumba lalikulu la kumsana, nayamba kukwera chigwa. Katunduyo anali wolemera kwa munthu wa thupi lake, ndipo anapumira kangapo, koma sanaganizepo zoitana munthu.

A Thompson anamva kulira kwa mfuti ali kukhola, ndipo anakumana naye pageti la pamwamba. Aida anatsitsa thumba natsegula. Mkuluyo anagwira nyanga, nayang'ana kabala kaja, naikapo chala. Kenaka anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Kamodzi kokha?" anafunsa.

"Kamodzi," anayankha Aida.

Anamuitanira m'khitchini, chinthu chimene anali asanachitepo, namupangira tiyi ndi buledi wootcha, matope ake akudontha pansi. Ali pakati pa tiyiyo a Thompson ananena, maso ali pawindo, kuti za tsiku lija anaziganizira, ndipo mpongozi wawo amadutsa kanjira kaja ndi galu nthawi zina m'mamawa. Aida anaimbira Lizzie ali pomwepo, ndipo Lizzie anafuna kumva zonse kuyambira pageti, mbali ya mphepo, malo a chitsa, osalola kuti adumphe kalikonse.

Kunyumba Elton anali atapempha kugwirira ntchito panyumba tsikulo, ngakhale sananene chifukwa. Atamva galimoto anatuluka ndi masilipasi. Anasuzumira m'buti ya galimoto, nayang'ana mkazi wake wamatope kuyambira kumutu, nagwira pakamwa. Anamujambula chithunzi n'kutumiza kwa alamu ake ku Ntcheu asanalowe n'komwe m'nyumba. Tiya, amene tsopano anali ku sekondale, ananena m'Chingerezi kuti gwapeyo akumumvera chisoni ndipo sadya, koma kusukulu anauza anzake onse kuti mayi ake ndi mlenje.

Nyamayo inakhala masiku angapo m'chipinda chozizira cha Lizzie, kenaka Aida anaisenda n'kuidula yekha patebulo la m'khitchini. Ina anaisunga mufiriji kudikira chikondwerero cha ufulu wa Malawi, pamene a Malawi a ku Bolton, Manchester ndi Rotherham amasonkhana m'paki kuotcha nyama. Elton ndi amene anaima pa mbaula, ndipo aliyense wolandira chidutswa ankamuuza kaye kumene chachokera. Anthu sanakhulupirire mpaka ataona chithunzi. A Sunday Mwale, mkulu wa mpingo wochokera ku Kasungu, anatafuna maso ali chitsinzinire, nati nyama ya m'tchire anailawa komaliza ali mnyamata. Anafunsa kuti mfutiyo ndi yaikulu bwanji, ndipo Aida atawasonyeza kukula kwa chipolopolo ndi zala ziwiri, anapukusa mutu n'kupempha chidutswa china. Azimayi a kwaya anamuimbira nthungululu, azungu odutsa m'pakimo n'kumacheuka.

Bondo la Lizzie silinabwererenso mwakale, ndipo chaka chotsatira a Thompson anapereka chigwa chija m'manja mwa Aida. Alimi awiri oyandikana nawo anamupemphanso. Pofika 2019 anali akusamalira nkhalango zitatu, akugwirabe unamwino masiku anayi pa sabata, ndipo mitengo ya a Thompson inali itamupitirira msinkhu. Sankapha gwape aliyense amene wamuona. Ankayamba wayendera nkhalango kumayambiriro kwa chaka, kuona kuwonongeka kwa mitengo, n'kugwirizana ndi mwini malo kuti achotsepo angati. Masiku ambiri ankabwerako chimanjamanja, ali wonyowa ndi wokondwa. Odwala ake a kumafamu anayamba kumudikira ndi nkhani za kumene aona agwape, moti kutsuka chilonda kumodzi kunkatenga nthawi yaitali kuposa kale, ndipo wodwala wotsatira ankamuimbira kufunsa ngati wasochera.